Ulendo wa ku Mulanje Wopanda Tsiku Lobwerera

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale ndi inu nonse amene mukuwerenga mawu awa. Ine ndine Anderea, ndipo ndikufuna kukuuzani za chaka chimene ndinasenza imfa ya mnzanga pamtima, mpaka ndinakonza ulendo wa kunja kwa dziko umene sindinkafuna kubwerako. Nkhaniyi ndakhala nayo nthawi yaitali osainena pagulu, chifukwa ndi yochititsa manyazi kwa munthu wobatizidwa. Koma ndaona kuti kubisa zimene Mulungu anandichitira ndiko kochititsa manyazi kwambiri.

Zinachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, tauni yathu ya Lichinga ikutchedwabe Vila Cabral. Ndinkagwira ntchito kwa azungu oyeza malo, amene ankajambula mapu a dera lino. Iwo ankafuna kachipilala ka simenti pansonga ya phiri lililonse lalitali, kuti azikaona ndi makina awo ali kutali. Mzungu ankaloza nsongayo ndi chala ali pamthunzi, koma okwera ndi simenti kumsana tinali ife. Mapiri ena amakhala ndi njira, ena ndi mwala wokhawokha woima ngati khoma la nyumba. Amenewo ankatisiyira anthu awiri, ine ndi Ausi.

Ausi anali Msilamu wa ku Meponda, mwana wa msodzi wina dzina lake Che Bwanali. Anabwera kumtunda kuno atatopa ndi fungo la nsomba, monga ankanenera mwini wake. Anali wowonda, wa zala zazitali, ndipo pathanthwe ankayenda ngati buluzi. Ine ndinali wojintcha ndi wochedwa kukwera, koma pa nkhani ya mfundo ndinalibe mnzanga, ndipo ndinkadzitama nazo mosabisa. Pokwera, munthu ankamanga chingwe chachifupi m'chiuno ngati lamba, kenako chingwe chachitali chinkamangidwa pa lambayo, kuti akaterereka mnzake amene ali pamwamba amugwire. Mzungu anatiphunzitsa mfundo imodzi yokha yomangira zingwe zimenezi. Ine ndinaigwira tsiku lomwelo, koma Ausi inkamuthawa m'zala. Ndinkamuseka kuti manja ake amadziwa usipa wokha, iye n'kumandibwezera kuti ndimakwera ngati mbuzi ya bere. Pomaliza tinapangana kuti zingwe zake ndizimumanga ndine m'mawa uliwonse, ndipo zinayenda choncho zaka zinayi.

Tinali ndi loto limodzi. Amuna obwera ku minda ya tiyi ku Nyasalande ankasimba za phiri la Mulanje, ndi thanthwe lake lotchedwa Chambe, loti ukaliyang'ana uli pansi chipewa chimagwa. Ife okwera miyala mtima unkatidumpha tikamva zimenezi. Ausi ankafunanso kuona sitima ya pamtunda ku Limbe, chifukwa iye ankadziwa ya pamadzi yokha ndipo sankakhulupirira kuti chinthu chotere chingayende popanda madzi. Ine ndinkafuna kuona tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Blantyre. Tinkakangana za njira ngati anthu amene anyamuka mawa, chonsecho tinalibe ngakhale chilolezo chotulukira m'boma lathu.

Tsiku limene ndikufuna kunena tinali pathanthwe lina kuseri kwa Lione. M'mawa ndinamanga Ausi monga mwa masiku onse, lamba ndi chingwe chachitali chomwe. Ndinatsogola kukwera mpaka pansonga kukaumba chipilala, iye n'kutsala pakashelefu ka mwala pakatikati, kuti azinditumizira zitini za madzi pa chingwe china. Thanthwelo linali ndi mimba, moti sitinkaonana, tinkangomvana mawu. Dzuwa litapendeka pang'ono ndinamaliza, n'kumuitana kuti akwere adzaone ntchito ya mbuzi ya bere. Ndinamumva akuseka. Ndinayamba kukoka chingwe pang'onopang'ono iye akukwera, kenako phazi lake linaterereka, chinthu chaching'ono chimene chinkatichitikira kawirikawiri. Chingwe chinalemera m'manja mwanga kamodzi kokha, kenako chinapepuka.

Ndinakoka chingwe chonse mpaka nsonga yake inafika m'manja mwanga. Sichinaduke. Kumapeto kwake kunali kopindikapindika, pamene panali mfundo.

Abale, sindidziwa kuti ndinatsika bwanji. Chimene ndinkadziwa chinali chimodzi: mfundo imene inamasuka ndinamanga ndine, munthu wodzitama uja. Tinamunyamula kupita naye ku Meponda, ndipo amuna a kumzikiti anamulandira n'kulowa naye m'nyumba kukamusambitsa. Ine ndinaima patali pansi pa mtengo wa mango ngati mlendo wongodutsa. Ndinaona Che Bwanali akutuluka m'nyumba muja nkhope itagwa, koma sindinapite kukawagwira dzanja. Pa sadaka ya masiku makumi anayi anatumiza uthenga wondiitana, ine ndinanamizira malungo.

Palibe munthu anandiloza chala. Mzungu anangoti ndi ngozi ya pantchito, n'kundisamutsira ku gulu lokoka tcheni choyezera pansi, poona kuti ndayamba kuopa chingwe. Koma ine ndinali nditadziweruza kale. Ku tchalitchi ndinkapita, nyimbo ndinkatsegula nazo pakamwa, koma pa mgonero ndinkatsala pabenchi. Mwana wanga Lusiya akabwera kuti ndimumangire kansalu koberekera chidole chake, ndinkamukankhira kwa amayi ake. Kumsika ndinasiya kudutsa mbali ya nsomba, kuopa kukumana ndi anthu a ku Meponda. Ndinkamusowa Ausi koopsa, ndipo ndinkaona kuti ndilibe ufulu ngakhale womulira.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, m'nyengo yozizira ija imene Lichinga amaluma m'mafupa, ndinaganiza zopita ku Mulanje ndekha. Kwa anthu ndinkati ndikufuna kukapitidwa mphepo ndi kukwaniritsa zimene tinapangana ndi malemu. Ambiri anati ndaganiza bwino. Koma mumtima ndinali ndi zina. Ndinkafuna kukaona zonse zimene tinkalakalaka, kenako ndikakwere Chambe ndekha, popanda wondigwira, mpaka pamene manja adzatope. Ndinkadzinamiza kuti kumeneko si kudzipha, n'kungomusiyira Mulungu kuti aweruze. Ndinasankha dziko la eni kuti Esitere, mkazi wanga, asadzaone zimene Che Bwanali anaona.

Ulendowo ndinaukonza mosamala kuposa chilichonse chimene ndinakonzapo. Ndinapempha tchuthi, mzungu n'kundilembera kalata yondichitira umboni. Ndinapita nayo ku administrasau, ofesi ya boma, masiku atatu otsatizana, kukhala pakhonde kudikira guia, chikalata chololeza munthu kuyenda. Kalaliki wa kumeneko atamva kuti sindikupita kukafuna ntchito koma kukaona phiri, anandiyang'ana ngati ndapenga.

“Mapiri atha kuno, sinyoro Anderea?” anandifunsa. “Chabwino, masiku khumi. Likakwana la khumi ndi chimodzi musanabwere, mudzafotokoza kwa asipayi, apolisi athu aja.”

Ndinafunsa njira kwa mkulu wina amene anathyolako tiyi. Anandiuza kuti ndikwere kamiyau, lole ya amwenye, mpaka ku Mandimba, ndidutse malire, nditsikire ku Fort Johnston, kenako basi ya ku Zomba ndi ku Limbe. Anandipatsa dzina la mlamu wake woti ndikagoneko, n'kundichenjeza za chiperoni, nkhungu ya kumeneko imene imaphimba phiri munthu akuona. Ndinasokesa nsapato za matayala, zimene zimagwira bwino pamwala. Esitere anandikazingira mtedza ndi chimanga. Kenako ndinatenga pepala n'kulemba ulendo wonse, tsiku lililonse mzere wake. Loyamba ku Mandimba, lachiwiri ku Fort Johnston, lachitatu ku Zomba, lachinayi sitima ndi tchalitchi, lachisanu kufika patsinde pa phiri, lachisanu ndi chimodzi Chambe. Pamenepo ndinaika pensulo pansi.

Masiku omwewo ndinafolera denga limene linkadontha kuyambira dzinja lapita, ndinadula nkhuni zokwana miyezi iwiri, ndipo mpeni wanga wabwino ndinapatsa mlamu wanga. Ndinkaona ngati ndikuchita mochenjera.

Esitere sanapite kusukulu, ndipo n'chifukwa chake pepala lija ndinkalisiya poyera pathebulo. Ndinaiwala kuti munthu wosadziwa kuwerenga mawu amadziwa kuwerenga mizere. Kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke, ndinamupeza masana atakhala pamkeka, pepala lili m'manja.

“Bambo a Lusiya, munati guia ndi ya masiku khumi,” anatero. “Apa ndikuona mizere isanu ndi umodzi. Masiku anayi enawa mukagona kuti?”

Ndinamuyankha mwaukali kuti zobwerera sizifuna kulemba, njira ndi yomweyo. Sanatsutse. Anangoyang'ana denga latsopano lija, n'kuyang'ana mulu wa nkhuni panja, kenako anandiyang'ana ine. Misozi inkatsika koma sanalire mokweza. Anapinda pepala n'kulibwezera pathebulo.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinapita kumunda wathu wa mbatata ngati ndikukaona mbewu. Kumeneko ndinagwada pakati pa mizere, ndipo kanali koyamba kupemphera ndi mtima wanga chichitikire ngozi ija. Silinali pemphero labwino. Ndinati, Ambuye, ine ndatopa, ndipo mkazi uja ndamupweteka kale ndisanapite. Ngati muli ndi mawu ndi ine, nenani mawa, chifukwa mkuja ndikwera kamiyau. Ndinadikira pang'ono, koma kunali zii, mphepo yokha. Ndinabwerera kunyumba ndili wotsimikiza kuti ngakhale kumwamba andipeza wolakwa.

M'mawa mwake Esitere anatenga dengu n'kunena kuti akupita kumsika. Anachedwako kwambiri. Chakumasana ndili pakhonde kumanga katundu, ndinamuona akubwera, pambuyo pake pali mkulu wina wovala kofia akukankha njinga ya dengu la usipa. Anali Che Bwanali. Ndikanakhala ndi kothawira ndikanathawa. Esitere anawayalira mkeka, n'kutenga Lusiya kupita naye kuseri.

Tinapatsana moni ngati anthu wamba. Anali atakalamba kwambiri m'chaka chimodzi chokha. Kenako anapisa dzanja pansi pa dengu, kunsi kwa nsomba, n'kutulutsa kanthu kokulunga m'nsalu yoyera. Atamasula, ndinaona lamba wa chingwe uja, wa m'chiuno mwa Ausi. Anali wodulidwa ndi mpeni mbali imodzi, koma mfundo yake inali yomangika.

“Mwanangu, amayi a kunyumba kuno andiuza kuti usiku umalankhula kutulo, ukuti unapha mnzako,” anatero. “Ona mfundo iyi bwinobwino. Ndi yako?”

Ndinkaopa kuigwira, koma ndinailandira. Zala zanga zinadziwa maso asanaone. Sinali mfundo ya mzungu ija. Inali yaing'ono, yopyapyala, yokhota kamodzi kokha.

“Imeneyo ndi mfundo ya ukonde,” anatero Che Bwanali. “Ndinamuphunzitsa ndine ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Pa ulusi wonyowa imaluma, siimasuka mpaka ukonde kuwola. Koma pa chingwe chouma cha khonje, chokhuthala chonchi, ikangogwedezeka imasololoka. Tsiku lija posambitsa, amene anadula lamba ameneyu ndine. Ndinaiona pomwepo.”

Anandifunsa kuti ngoziyo inachitika nthawi yanji, ndipo ndinati dzuwa litangopendeka. Anagwedeza mutu ngati munthu amene akumva zimene ankadziwa kale. Anati imeneyo ndi nthawi ya swala, pemphero lawo la masana, ndipo mwana wawo sankadumpha swala ngakhale ali m'bwato pakati pa mafunde. Ayenera kuti anamasula zingwe zonse pakashelefu paja kuti agwade bwino, ndipo nditamuitana anadzimanga yekha mofulumira, lamba ndi chingwe chachitali chomwe, ndi mfundo imene manja ake ankaidziwa kuyambira ubwana. Ya palamba inagwira. Inayo sinagwire.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire chaka chonsechi.

“Ndinakuitana pa sadaka, sunabwere,” anayankha. “Ndipo ine ndinasangalala kuti sunabwere, Mulungu andikhululukire. Ndikanakuuza bwanji kuti chimene chinamupha ndi chimene ndinamuphunzitsa ine bambo wake? Lamba ameneyu ndabwera naye ku Vila kuno ulendo uliwonse wa nsomba, n'kubwerera naye. Ndinkaganiza kuti ukundizemba chifukwa ukudziwa.”

Abale, pamenepo ndinalira ngati mwana, ndipo mkulu uja analira nane. Chaka chathunthu anthu awiri tinkathawana, aliyense atasenza mtembo womwewo, aliyense akuganiza kuti ndi wake yekha. Ndinawauza kuti iwo sanalakwe, anaphunzitsa mwana ntchito ya kwawo monga bambo aliyense amachitira. Iwo anati ngati ndi choncho, nanenso ndisiye kudzipatsa mlandu umene Mulungu sanandipatse. Sindinganame kuti chisoni chinatha tsiku limenelo. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti bwanji sindinalimbikire kumuphunzitsa mfundo ija m'malo momuseka. Koma kulira mnzako ndi kwina, kudziona ngati wakupha ndi kwina, ndipo tsiku limenelo ndinayamba kulira Ausi ngati mnzanga.

Ndinanena kuti ulendo ndausiya. Che Bwanali anakana.

“Iyayi, upite,” anatero. “Mwana uja anandiboola m'makutu ndi sitima yake ya pamtunda. Ine maso angawa sadzafikako. Ukaone zonse, usasiye kanthu, ubwere udzandiuze. Ndikhala ndikukudikira ku Meponda, inshalla, ndipo ine ndi munthu wokalamba, usandidikiritse.”

Atapita, ndinatenga pepala lija ndi pensulo. Ndinalemba mzere wachisanu ndi chiwiri, wachisanu ndi chitatu, wachisanu ndi chinayi, ndi wakhumi, umene ndinalembapo kuti kunyumba. Ndinalipereka kwa Esitere. Anayendetsa chala pa mzere uliwonse, milomo ikuwerenga chamumtima, ndipo atafika pa khumi anabwerezanso kuyambira pamwamba. Kenako analisunga m'mpango wake, ndipo anati ndilembe lina loyenda nalo.

Ndinapitadi. Ku Zomba ndinaona nyumba za boma zitakhala m'mbali mwa phiri ngati zatsala pang'ono kutsetsereka. Ku Limbe ndinaima pafupi ndi njanji mpaka sitima inabwera ikufuka utsi, ndipo ndinawerenga mabogi ake kawiri kuti ndisakaname ku Meponda. M'tchalitchi cha njerwa chija ndinakhala kumbuyo, n'kuyamika Mulungu ndi mawu ochepa amene ndinali nawo. Paliponse ndinkayang'anitsitsa ngati munthu wotumidwa, chifukwa ndinalidi wotumidwa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinafika patsinde pa Chambe m'mamawa. Amuna aja sananame, chipewa chinagwadi. Ndinakumana ndi anthu otsika ndi matabwa a mkungudza pamutu, ndipo anandilozera pamene mwala umayambira mopendekeka. Ndinavala nsapato zanga za matayala n'kuyamba kukwera. Manja anakumbukira ntchito yawo. Ndinatsata mng'alu wina mpaka minda ya tiyi inaoneka pansi ngati mphasa zobiriwira. Kenako ndinafika pamene mwala unaima chilili, pamalo pofuna munthu wachiwiri wogwira chingwe. Pamenepo ndi pamene ndinkafuna kudzapitirira ndekha. Ndinapayang'ana nthawi yaitali, ndinamutchula Ausi dzina, n'kumuuza kuti tafika. Ndiye ndinatembenuka, n'kutsika bwinobwino, phazi limodzi pambuyo pa linzake.

Ndinafika kunyumba tsiku lakhumi, monga mwa pepala la Esitere. Loweruka lotsatira ndinatsika ku Meponda wapansi. Ndinapeza Che Bwanali akusoka ukonde pamchenga, ndipo ndinawasimbira zonse kuyambira ku Mandimba. Pa sitima anandiimitsa katatu, kufuna kudziwa kuti kutalika kwake kungakwane mabwato angati. Nditawauza, anati Ausi akanati ndikunama. Tinaseka. Ndisanachoke anandipatsa chidutswa cha chingwe kuti ndiwaonetse mfundo ya mzungu ija. Inawatengera masana onse, ndipo sindinawaseke.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lokalipa la m'munda wa mbatata. Ndinkayembekeza kuti akayankha adzayankha ndi mawu ochokera kumwamba, kapena kudzera mwa abusa. Iye anatuma mkazi wosadziwa kuwerenga ndi msodzi wa chipembedzo china, atabisa yankho langa pansi pa usipa. Ndikuthokoza Esitere, amene anapita mbali ya nsomba kumene ine ndinkaopa kupita.

Tsono inu amene mwasenza kanthu kamene simunauzepo munthu, ndikukupemphani, musadziweruze nokha muli nokha. Ine ndinatsala tsiku limodzi kuti ndisiye mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye chifukwa cha mlandu umene sunali wanga, ndipo munthu amene anali ndi choonadi ndinkamuthawa ndekha kumsika. Pitani kwa amene mukumuopayo, lankhulani ndi a m'nyumba mwanu, ndipo pempherani ngakhale pemphero lake likhale losalongosoka. Limbikani tsiku limodzi lina, pakuti simudziwa amene ali kale panjira akukankha njinga kubwera kwanu.

Esitere anatisiya zaka zapitazo. Titatsegula kabokosi kake, pansi pa nsalu zake za ku tchalitchi tinapeza pepala lija, litasanduka lofiirira, mizere yake khumi ikuonekabe. Ambuye akusungeni nonse, ndipo pa ulendo uliwonse umene mukonza, akupatseni mtima wolemba tsiku lobwerera. Amen.